Pakati pa chisanu ndi mvula: kuwerenga nyengo ya Seputembala ku Chipata

Anthu akabwerako ku Mkaika, Kulamba itatha Loweruka lomaliza la Ogasiti, nyengo ya kuno kwathu imakhala ili pamphambano. Chisanu chatha koma sichinatsazike, kutentha kwafika koma sikunakhazikike. M'mamawa mnyamata wa njinga wodikira anthu ku Kapata wavala jekete ndi chipewa chomwe. Pofika 11 koloko jeketeyo wamangirira pa keliyala, thukuta lili kamukamu. Madzulo phiri la Kanjala lili mbuu ndi utsi, ndipo dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto, loti munthu n'kuliyang'ana osaphethira. Anthu a kumaiko ozizira ali ndi dzina lawo la nthawi imene mitengo imaphuka chisanu chikatha. Ife timawerenga dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, ndipo masabata ano ndiwo khomo la chilimwe.

Ndi nthawi imeneyinso pamene ambiri timaleka kutchera khutu ku zanyengo. Wailesi ikafika pa gawo limenelo wina amatsitsa mawu n'kuyamba nkhani zina, poti zonenedwazo n'zomwe zija za dzulo: kukhala dzuwa, kukhala mphepo, masana kutentha. Ine ndimaona kuti apa timadzimana tokha. Moto wolusa, madenga osasuka, mbande zofota, nkhuku zofera m'khola ndi kutentha, zonsezi ndi za miyezi ino. Komanso munthu amene sanazolowere kalankhulidwe ka olosera nyengo m'masiku odekha ano, mu Novembala amadzawamva molakwika, pamene kulakwitsako kumadya mbewu. Pali zinthu zitatu zimene timaziponya m'dengu limodzi n'kuzitcha zanyengo: zimene zayezedwa kale, zimene zikuyembekezeka m'masiku ochepa akudzawa, ndi chithunzi cha dzinja lonse. Kudalirika kwake n'kosiyana, ndipo ziwiri zomalizazo zimatsamira pa choyambacho.

Ntchito yoyeza m'dziko muno ili m'manja mwa Zambia Meteorological Department, nthambi ya boma imene kuchokera mu 2021 ili pansi pa unduna wa Green Economy and Environment. M'chigawo chathu cha Kum'mawa ili ndi malo oyezera ku bwalo la ndege la Chipata, ku Msekera kumene amafufuzira zaulimi, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Mfuwe. Amene anafikako pamalo otere akudziwa kuti palibe chodabwitsa m'maso: kabwalo kotchinga ndi waya, ndipo pakati paima bokosi lamatabwa lopaka utoto woyera, la miyendo inayi ngati khola la nkhunda. Makoma ake ndi timatabwa topendekeka tosiya mipata, kuti mphepo izidutsa koma dzuwa lisalowe. Zoyezera za m'katimo zimakhala pakati pa mita 1.25 ndi mamita 2 kuchokera pansi, ndipo lamulo limeneli ndi limodzi padziko lonse. N'chifukwa chake madigiri 31 olengezedwa pa wailesi amamveka ngati bodza kwa munthu amene akuswa miyala padzuwa, kapena amene ali m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Choyezedwacho ndi kutentha kwa mpweya wa pamthunzi. Thupi lili padzuwa limalandira zoposa pamenepo.

M'bokosimo mumakhala mathemometa anayi, ndipo nzeru yake imandisangalatsa chifukwa n'njosavuta. Imodzi ili ndi kakhosi kopanikiza chakunsi kwake. Madzi ake onyezimira aja akakwera masana sathanso kubwerera okha, amatsala pomwe panafika kutentha kwakukulu kwa tsikulo mpaka munthu adzaikutumule. Inzake imagona chopingasa, m'kati muli kandodo kakang'ono kamene kamakokedwa kuzizira kukamakula, n'kutsala pomwe kuzizirako kunalekezera. Ndiye ngakhale woyezayo anali m'tulo m'bandakucha, bokosi limamusungira mbiri. Awiri otsalawo ndi mapasa, kungoti imodzi yavala kansalu konyowa kumutu, chingwe chake chili m'kabotolo ka madzi. Madziwo akamauma pa kansaluko amaiziziritsa, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Mpweya ukauma kwambiri mapasawo amatalikirana. Masana a mu Seputembala angathe kusiyana ndi madigiri oposa 10, pamene pa mvula ya mu Januwale amangotsala pang'ono kufanana. Mpata umenewo ndi umene umauza woyeza kuchuluka kwa chinyezi cha mumpweya.

Panja pa bokosi pali choyezera mvula, pali chitsulo chachitali cha timakapu tozungulira ndi muvi wosonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndiponso beseni lalikulu la madzi loonera kuti dzuwa ndi mphepo zamwa ochuluka bwanji. Mitambo amaiyeza ndi maso, pogawa thambo m'magawo asanu ndi atatu. Nthawi yaikulu yowerenga ndi 08:00, imene pa wotchi ya dziko lonse ndi 06:00, pakuti ife tili patsogolo ndi maola awiri. Nthawi yomweyo mnzake ku Lilongwe, ku Tete ndi ku Harare naye ali chiweramire pa bokosi lake. Mvula yopezeka m'choyezera pa 08:00 imalembedwa kuti ndi ya dzulo. Tsiku limene sinagwe, woyezayo sasiya mpata m'buku, amalemba 0. Mpata umatanthauza kuti palibe anayang'ana, pomwe 0 amatanthauza kuti munthu anapita, anasuzumira, napeza mouma. Masiku ano kwabwera makina odziyezera okha, oyendera sola, koma nawonso amafuna munthu wopukuta fumbi ndi kuchotsa masamba ndi zisa za mavu pakamwa pa choyezera mvula.

Nanga manambalawo amati chiyani za nyengo ino? Ku Chipata mu Julaye masana amafika cha m'ma 25, usiku n'kutsika cha m'ma 12. Pofika Seputembala masana ali cha m'ma 30 kapena kuposerapo pang'ono, m'bandakucha cha m'ma 16 kapena 17, ndipo Okutobala amawonjezapo. Muzionetsetsa mpata wa pakati pa manambala awiriwo, umene umatha kufika madigiri 14 kapena 15 tsiku limodzi. Gwero lake ndi kuuma kwa mpweya. Chinyezi ndi mitambo zimafunditsa dziko usiku ngati bulangete, zimabweza kutentha kumene nthaka ikutulutsa. Miyezi ino chofundacho palibe, ndiye nthaka imataya msanga zonse zimene inalandira masana. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha m'madambo. Amene amalawirira kudimba m'mbali mwa Lutembwe kapena Lunkhwakwa amadziwa pamene njira imatsikira, pamene kuzizira kumagwira mu akakolo mwadzidzidzi ngati waponda m'madzi, chonsecho mnzake wa m'mbali mwa phiri usiku womwewo anafunda chitenje chokha.

Beseni lija ndilo bwenzi la mlimi wa kudimba, ngakhale ambiri sanalionepo. Milimita imodzi ya madzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Masiku otentha ndi amphepo a kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala, si zachilendo beseni kutsika mamilimita 7 kapena 8 patsiku. Tengani dimba la mamita 10 uku ndi 10 uku: mamilimita 7 ndi malita 700, zigubu 35 za malita 20. Mbewu zimamwa zocheperako pang'ono, koma chithunzi ndi chimenecho. Mayi amene mu Julaye ankathirira repu ndi tomato kamodzi patsiku n'kukwanira, tsopano akudabwa kupeza masamba ali lende dzuwa lisanafike paliwombo. Chitsime ndi chomwecho, kheni ndi yomweyo, ludzu la thambo ndilo lakula. Olosera akanena kuti mawa ndi mkuja kukhala mphepo yamphamvu, kwa mayiyu ndiye kuti athirire madzulo, aphimbire nazale ndi udzu, ndipo asawokere mbande masiku amenewo.

Mphepo ya miyezi ino ili ndi kwawo. Kum'mwera kwa nyanja yaikulu ya Indian kumakhala dera lalikulu la mpweya wolemera, ndipo madera ena otere amabwera motsatizana kuchokera kumadzulo, kuzungulira kunsi kwa South Africa, n'kudzatulukira cha ku gombe la Mozambique. Mpweya umachoka kumene wapanikizana kupita kumene wapepuka, ndipo pakati pa Africa, pamene nthaka yayamba kupsa ndi dzuwa, ukupepuka tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mphepo yathu imachokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa. Asodzi a ku nyanja ya Malawi amaitcha mwera ndipo amaiopa. Ikakula mphamvu imakankhira mpweya wozizira ndi wachinyezi kumtunda kuno. Kum'mwera kwa Malawi umagwetsa mvula yowaza ija ya chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ife kawirikawiri timangolandira mitambo yotuwa ndi kuzizira kwa masiku awiri atatu, anthu n'kumati chisanu chabwerera. Zoterezi olosera amaziona zikubwera patatsala masiku atatu kapena anayi, chifukwa n'zazikulu, zoyenda pang'onopang'ono, ndipo zimadutsa pa malo ambiri oyezera zisanatipeze. Woweta anapiye amene wamva uthengawo amakhala atakonzeratu mbaula.

Kamvuluvulu ndi nkhani ina. Palibe angakuuzeni kuti mawa 14:00 adzadutsa pa bwalo la mpira la kwanu. Amabadwira pomwepo, pa nthaka yopanda udzu imene yatentha kuposa mpweya wa pamwamba pake: mpweya wotenthawo umakwera mothamanga, wina n'kulowa m'malo mwake chozungulira, n'kutola fumbi, mapesi ndi mapepala. Tili ana ankatiuza kuti m'katimo muli mizimu, tizithawa, ndipo kuthawako kunali kwanzeru poti wamkulu amatha kusasula lata losakhomedwa bwino. Chimene olosera angathe kunena ndi mtundu wa tsiku limene iye amakonda: thambo loyera, masana otentha, mphepo yochepa. Kusiyana kumeneku, kwa chinthu chachikulu choonekera patali ndi chaching'ono chobadwira pomwepo, mukusunge, tidzakupezanso pa mvula.

Utsi umene umabisa Kanjala si wa Chipata yekha. Ogasiti ndi Seputembala ndi pachimake pa kutentha tchire m'dera lonse la nkhalango za miombo, kuyambira ku Angola ndi Congo mpaka ku Mozambique, ndipo zithunzi za setilaiti zimaonetsa utsiwo utayala pamwamba pa maiko angapo. Kumwambaku miyezi ino kumakhala mpweya wofunda umene umakhala ngati chivundikiro pa mphika. Utsi ndi fumbi zimakanika kuubowola, mvula yoti izitsuke palibe, ndiye zimangounjikana sabata ndi sabata, mpaka kuyamba kumveka m'chifuwa cha mwana ndi m'maso mwa agogo. Pano ndinene maganizo anga mosabisa. Mbewa ndi ndiwo yathu, sindingainyoze, ndipo kusosa nakonso n'kofunika. Koma kuyatsa moto masana a tsiku limene kwalengezedwa mphepo yamphamvu, udzu uli wouma gwa, ndi kusewera ndi nkhokwe ya mnzako. Moto wa m'mawa kwambiri, kapena wa madzulo mphepo itagona, umamvera. Wa 13:00 mu Seputembala sumvera munthu, umalumpha ndi msewu womwe. Udzu wofolera, mapesi a ng'ombe, mitengo yophukira kumene, zonse zimapita chifukwa cha mbewa zosadzaza n'komwe mbale.

Manambala a pa 08:00 aja amatumizidwa ku Lusaka, ndipo kudzera m'bungwe la World Meteorological Organization, loona zanyengo padziko lonse, amagawidwa ku maiko onse, monganso ife timalandira a anzathu. Amakasakanizidwa ndi a zombo, a ndege, a mabaluni okwera ndi zoyezera kumwamba, ndi a masetilaiti monga Meteosat, imene ili makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, n'kumajambula Africa usana ndi usiku. Makompyuta akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America amagawa mlengalenga m'timabokosi, n'kuika m'kabokosi kalikonse kutentha, chinyezi ndi mphepo ya pakali pano, kenaka amawerengera kayendedwe ka mpweyawo kupita kutsogolo: pakatha ola, mawa, mkuja. Wolosera wa ku Lusaka amatenga zotsatirazo, kuziyerekeza ndi zithunzi za setilaiti ndi zimene iye akudziwa za dziko lino, n'kulemba uthenga uja timaumva pa wailesi kapena kuuona pa WhatsApp ndi Facebook.

Vuto lagona poyambira. Kompyuta ikauzidwa molakwika pang'ono za mmene lero lilili, cholakwikacho chimakula tsiku ndi tsiku, ngati mzere wa m'munda umene unapotoka pang'ono poyamba, pofika kumapeto walowa m'munda wa eni. Katswiri wa ku America, Edward Lorenz, anaonetsa zimenezi mu 1963, ndipo mpaka lero palibe kompyuta imene yazigonjetsa. Choncho zolosera za mawa ndi mkuja n'zodalirika kwambiri, za masiku asanu n'zothandiza, za sabata yathunthu muzizigwira ndi dzanja limodzi, ndipo zopitirira masiku khumi sizisiyana kwenikweni ndi kungonena mmene mwezi umenewo umakhalira chaka chilichonse. Kuno vutoli limakulirapo chifukwa mu Africa malo oyezera ndi otalikirana kuposa m'makontinenti ena. Munthu uja woweramira bokosi m'mawa uliwonse ndi mmodzi mwa anthu ochepa amene amauza dziko lonse za mpweya wa kwathu kuno. Tsiku limene nambala yake sinafike, kompyuta ya ku Ulaya imangotiganizira.

Ambiri tsopano tili ndi kachithunzi ka dzuwa kapena mtambo pa foni, pansi pake palembedwa Chipata ndi nambala. Nambalayo nthawi zambiri sinayezedwe ndi munthu aliyense ku Chipata. Ndi yotuluka m'kabokosi ka kompyuta, ndipo ngakhale m'makompyuta apamwamba kabokosiko n'kotambalala makilomita pafupifupi 9. Mapiri athu ndi dambo lanu zasalazidwa kukhala malo amodzi. Pa kutentha ndi mphepo za miyezi ino foni imayesetsa ndithu, koma muzikumbukira pamene mwaima. Chipata ali mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, ali cha m'ma 550. Kutentha kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu watsika, ndipo wokwera basi ya ku Mambwe amazimva yekha pa mtsetse uliwonse. Mu Okutobala kuchigwako 40 amafika ndi kupitirira. Uthenga wonena za chigawo cha Kum'mawa waika Lundazi, Chadiza, Nyimba ndi Mfuwe m'thumba limodzi, womvera ndiye ayenera kuwonjezera kapena kuchotsera malinga ndi kwawo.

Pa 22 kapena 23 Seputembala dzuwa limadutsa pa equator kubwera kum'mwera, usana ndi usiku n'kulingana. Ife tili madigiri pafupifupi 13 ndi theka kum'mwera kwa mzerewo, choncho limadzafika paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala, masiku ochepa chikondwerero cha ufulu cha pa 24 chitadutsa. Mudzaimike ndodo masana a nthawi imeneyo, mthunzi wake mudzachita kuufunafuna. Kutentha konseku kukukonza njira ya mvula. Nthaka ikamapsa, mpweya wa pakati pa kontinenti umapepukirapepukira, mphepo n'kuyamba kukhota, mpaka mpweya wachinyezi wa ku nkhalango za Congo utapeza polowera kuchokera kumpoto chakumadzulo. Pamene mphepo zochokera mbali zosiyana zimakumana n'kukwera kumwamba, pamene akatswiri amati ITCZ, mpamene pamakhala mvula yeniyeni ya dzinja, ndipo kuno kawirikawiri imakhazikika cha pakati kapena kumapeto kwa Novembala. M'buku la woyeza imayamba kuonekera mitambo isanabwere: usiku umayamba kukana kuzizira, ndipo mapasa aja amayamba kuyandikirana.

Koma dzinja lisanakhazikike pamabwera mvula ina, imene makolo anaipatsa dzina kuti isatipusitse: chizimalupsa. Ntchito yake ili m'dzinamo. Imazima lupsa, imagoneka fumbi, imatulutsa fungo lija la dothi lolowa mpaka mumtima, ndipo msipu umaphukira ng'ombe. Ndi mvula ya mtambo wobadwira pomwepo ngati kamvuluvulu, wotambalala makilomita ochepa, wosakhalitsa. Ingathe kukhuthuka ku Mchini madzi n'kuyenda m'misewu, ku Msekera m'choyezera muli mouma. Apa mpamene anthu amati a zanyengo ndi abodza, chonsecho iwo ananena kuti mvula ya mabingu igwa m'malo ochepa, apo ndi apo. Mawu amenewo ena amawayesa ozembera, koma pamenepo mpomwe nzeru ya munthu yalekezera. Chimodzimodzi 40% ya pa foni. Sikunena za mvula yochepa kapena ya maola ochepa. Ikunena kuti pa masiku khumi ooneka ngati limeneli, anayi mvula imagwa pamalo panupo, asanu ndi limodzi sigwa. Kwa woyanika chimanga, kapena amene njerwa zake zosawotcha zili pabwalo, anayi pa khumi ndi ambiri, asendeze pafupi chofundira. Kwa wofuna kubzala ndi ochepa.

Amalume anga a kumudzi, kupitirira Mtenguleni, anaphunzira izi ndi mtedza. Chaka china mvula inagwa yamphamvu sabata ya ufulu, madzulo amodzi okha. Kutacha nthaka ili bii, mizere anali atagalauza kale, mbewu ili m'thumba. Ndinawaimbira foni kuwauza kuti zolosera za sabata imeneyo sizikuonetsa mvula ina.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero, "dothi ndaligwira ndi manja angawa. Foni yakoyo yaligwira?"

Ndinati, "Amalume, takumbani pang'ono ndi khasu, muone pamene chinyezi chalekezera."

Sanakumbe, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu amene wadikira miyezi isanu ndi umodzi akamva fungo la mvula mtima sukhala m'malo. Mtedza unamera, mizere yonse biriwiri. Kenaka dzuwa la Novembala linatuluka, masabata atatu popanda dontho. Nditapitako ndinapeza timbewuto titagona chammbali, masamba atapinda. Iwo anafukula pamzere ndi chala n'kundionetsa, osalankhula: pamwamba fumbi, pansi fumbi. Anabzalanso mu Disembala ndi mbewu yogula, mochedwa.

Alangizi a zaulimi amati mvula yobzalira ndi imene yafika mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri atatu, yolowa pansi ndithu, kutsogolo kukuoneka ina. M'mawu amenewa muli zinthu ziwiri: muyezo wa zimene zagwa m'munda mwanu, umene wa ku Lusaka sangaudziwe, ndi zolosera za masiku akudzawo, zimene inu simungazione ndi maso. Tsiku lija amalume anadalira dzanja, ine ndinadalira foni, ndipo panalibe amene anali ndi nambala ya mvula imene inagwa m'mundamo.

Chachitatu chija, chithunzi cha dzinja lonse, chimatulukanso nyengo yomwe ino, n'chifukwa chake chimasokonezedwa ndi zolosera za tsiku ndi tsiku. Chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala akatswiri a maiko a SADC amakumana pa msonkhano wotchedwa SARCOF, kenaka nthambi yathu imatulutsa zake za Zambia. Iwo amayang'ana kwambiri kutentha kwa madzi a m'nyanja za Pacific ndi Indian, chifukwa nyanja imasintha mochedwa ndipo imakoka nyengo kwa miyezi. Mbali ya kum'mawa ya Pacific ikafunda kuposa masiku onse, chimene amati El Niño, kum'mwera kwa Africa kumakonda kuuma. Tonse tikukumbukira dzinja la 2023/2024. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni obzalidwa chitawonongeka. Chenjezo la El Niño linali litamveka miyezi ingapo mvula isanayambe. Komabe uthenga wotere umangonena kumene mwayi wapendekera, kuti mvula ya miyezi itatu pamodzi ingakhale yochepera, yapakatikati kapena yoposa ya zaka 30 zoyerekezera. Ungakuthandizeni kusankha mbewu yocha msanga, kusagulitsa chimanga chonse, kukumba maenje osunga madzi. Tsiku lobzala sungakuuzeni. Chipata amalandira mamilimita pafupifupi 1,000 pachaka, koma 1,000 wogwa mwadongosolo amadzaza nkhokwe, pamene 1,000 yemweyo wokhala ndi ng'amba ya masabata atatu chimanga chikumasula amasiya njala.

Zizindikiro za makolo ine sindizitaya. Mitengo ya m'thengo ikavala masamba ofiira mu Seputembala, mvula isanagwe n'dontho lomwe, ikumwa madzi a pansi ndi mizu yake yakuya ndipo ikutiuza zoona kuti nyengo yatembenuka. Nyenje zikalira mpaka m'makutu kuwawa, kutentha kwafika pachimake. Agogo akanena kuti usiku wa lero kwafunda, mvula ili pafupi, akunena zomwezo zimene ikunena themometa yovala kansalu ija. Kumene ndimakayika ndi pa zoti mango kapena masuku akabereka kwambiri ndiye kuti kukubwera njala. Mtengo umabereka malinga ndi zimene wadutsamo, mvula ya chaka chatha ndi nyengo ya pa nthawi ya maluwa. Za m'nyanja ya Pacific suzidziwa.

Chitatha chaka cha mtedza chija tinazika mtengo pakati pa bwalo kwa amalume, kutali ndi denga ndi mtengo wa mango, n'kumangirirapo chitini chowongoka, cha pakamwa ndi pansi pofanana. Chitini chotere sichifuna masamu, kuzama kwa madzi pa rula ndiwo mamilimita a mvula, bola rulayo muidule kunsonga kuti iyambire pa 0 penipeni. Chiyenera kutalikira chotchinga chilichonse kuwirikiza kawiri msinkhu wa chotchingacho, kuwerengedwa nthawi imodzi tsiku lililonse, madzi n'kutayidwa. Mdzukulu wawo wa giredi 6 ndiye amagwira rula, iwo amalemba m'kope lakale la sukulu: tsiku, mamilimita, kumene mphepo ikuchokera, ndi liwu limodzi kapena awiri, "utsi", "kuzizira m'mawa", "nyenje zayamba".

Sabata yatha ndinali kumeneko. Thambo linali mbuu, mphepo ikuchokera cha ku Mozambique. Itakwana 08:00 mwanayo anathamangira pa mtengo paja, anasuzumira m'chitini, anachotsamo tsamba louma la mango, nafuula kuti, "Agogo, mulibe kanthu!" Amalume ananyowetsa nsonga ya pensulo ndi lilime, nalemba 0 pansi pa ma 0 ena a masabata ambiri. Kenaka anandifunsa kuti a wailesi anena chiyani za mphepo ya Lachinayi, chifukwa akufuna kufolera khitchini.